Theka la Ola la a Kapalamula

Foni ya Mayi Tembo inandipeza ndili m'galimoto, ndisanalowe kukiliniki, Lachiwiri lina m'mawa masabata atatu apitawo. Sanapereke moni. Anangoti, "Tiya, ba Kapalamula batisiya," kenako ine n'kumangomva kupuma kwawo. Masamba achikasu ankagwera pagalasi limodzilimodzi, ndipo ndikukumbuka kuti ndinkawayang'anitsitsa ngati kuti wina wandituma kutero. Chiyambire tsikulo a Kapalamula amandibwerera m'zidutswazidutswa: pena ali pawindo atandipatsa msana, pena akuyenda manja kumbuyo, pena ataima pamaso pa aphungu pepala lili m'manja. Ndati ndizilembe zisanazilale.

Ndinawadziwa tsiku langa loyamba pantchito. Kuno ku Maryland, ku America, ukalembedwa ntchito ndi kaunti, lomwe ndi boma la dera ngati khonsolo kwathu, umayamba wakhala tsiku lathunthu m'chipinda chimodzi ndi anzako atsopano: madalaivala a mabasi, anamwino, okonza misewu, a kulaibulale, onse pamodzi. Tsikuli amalitcha oriyenteshoni. Amakuuzani malamulo, za tchuthi, za inshuwalansi, mumasaina mapepala mpaka dzanja kuwawa. Kukaunti yathu, woyendetsa tsiku limeneli kwa zaka zoposa makumi awiri anali a Nedisoni Kapalamula, omwe anzawo a kuno, dzinalo litawakanika, ankangowatcha Mista Kei.

Ine ndinali nditazolowera kuti dzina langa likafika pakamwa pa munthu wa kuno limathyoka miyendo. Choncho nditaona mdala wamtali, wa imvi, wovala jekete yabulawuni akuima kaye pakati pa mndandanda wa mayina, ndinakweza dzanja kuti ndiwapulumutse. Koma iwo anadzutsa maso n'kutchula bwinobwino, "Tiyamike Kamng'ona." Kenako, m'Chichewa, pamaso pa chipinda chodzaza, anati, "Mwafika, mayi. Tsitsani dzanjalo, kuno n'kwanu."

Pambuyo pake ndinamva kuti sankachitira ine ndekha. Kukatsala masiku awiri kuti alandire anthu atsopano, ankatenga mndandandawo kupita nawo kunyumba n'kumakayeserera mokweza mayina a ku Ethiopia, a ku El Salvador, a ku Vietnam. Dzina likawavuta ankakwera sitima mpaka ku Columbia Heights, dera la anthu a mayiko ambiri mu Washington, kukafunsa wometa tsitsi kapena wa pasitolo wa dziko limenelo, n'kulemba katchulidwe kake ndi pensulo m'mphepete mwa pepala. Ankakonda kunena kuti wantchito watsopano ali ngati mphika wongowotchedwa kumene: chimene waphikamo tsiku loyamba, fungo lake silichoka. N'chifukwa chake, ankatero, tsiku limenelo aliyense amalisirira.

Anali ndi zizolowezi zina zimene tinkaseka osazimvetsa. Baji ya kuntchito, imene tonse timakoleka m'khosi, iwo ankaisunga m'thumba la malaya, ndipo anakangana ndi mlonda wa pakhomo zaka zambiri mpaka mlondayo anangotopa. Ntchito yawo inkafuna kuti aone ziphaso za munthu aliyense watsopano, pasipoti kapena chilolezo chogwirira ntchito. Koma kutambasula dzanja n'kunena kuti ndipatseni, sankatero. Ankaika thireyi yamatabwa patebulo, n'kuuza anthu kuti amene wakonzeka aike pamenepo. Akatero ankapita kukaima pawindo, n'kumayang'ana kunja ngati kuti pamalo oimika magalimoto pakuchitika zodabwitsa. Kutchalitchi kwathu anali mkulu wa mpingo. Ankalalikira, ankayendera odwala, koma ntchito yoima pakhomo kulandira anthu ankaikana kwamtuwagalu. Ife tinkati n'kunyada kwa ukalamba.

Za kumudzi sankakamba kwenikweni. Tinkadziwa kuti kwawo ndi ku Lizulu, ku Ntcheu, kuti anagwirapo ukalaliki pasukulu ina ya sekondale, ndiponso kuti anabwera kuno ndi akazi awo, omwe anali namwino ndipo anamwalira ine ndisanafike. Mwana wawo yekhayo amakhala ku Texas. Akatchula Lizulu ankakamba za nkhungu basi, kuti m'mawa imatsika m'mapiri n'kudzaza msewu mpaka umamva mawu a mnzako osamuona. Akafika pamenepo maso awo ankapita kutali, ndipo ife tinkawaleka.

Munthu yekhayo amene sankawaleka anali Mayi Tembo. Iwowa ndi a ku Chipata, anakulira ku Lusaka, ndipo anayendetsa basi ya kaunti zaka zambiri asanasankhidwe kukhala woimira anzawo mu yuniyoni, bungwe loteteza ufulu wa antchito. Ndi mayi wamfupi, koma akalankhula ali pachiwongolero a kumpando wakumbuyo amamva. Loweruka lililonse m'mawa, masitolo asanatsegule, awiriwa ankayenda mozungulira m'molo ya ku Wheaton, chinyumba chachikulu cha masitolo, monga amachitira achikulire ambiri kuno pofuna kuwongola miyendo kunja kukazizira. Ine ndinkawatsatira nthawi zina. M'molomo munkakhala muli zii, magetsi ali mbuu, zidole zovekedwa madiresi zikusuzumira pamagalasi, ndipo mawu a anthu awiriwa ankamveka kuchokera kumapeto uku mpaka uko ngati wailesi yoiwalika m'nyumba yopanda anthu.

Ankakangana pa chilichonse, kuti Chichewa chenicheni chili mbali iti ya malire, kuti mlaliki wa Lamulungu anatalikitsa kapena ayi. Koma chaka chimene ku Annapolis, kunyumba ya malamulo ya Maryland, kunabwera bilu ya theka la ola, mikangano ina yonse inathera mu umodzi. Biluyo inkati kaunti ndi tauni iliyonse iyenera kupatsa a yuniyoni mphindi makumi atatu pa oriyenteshoni, kuti alankhule ndi antchito atsopano mabwana atatuluka. Makaunti anakana. Ankati boma lalikulu lisalowerere za m'nyumba mwawo, nkhani zotere kaunti iliyonse izikambirana yokha ndi antchito ake. Ankafunsa kuti tauni yaing'ono, yolemba munthu mmodzi lero wina patapita miyezi, ingathe bwanji kumakonza msonkhano n'kuitana a yuniyoni pasadakhale nthawi iliyonse. Ankadandaulanso kuti biluyo ikufuna kuti manambala a foni ndi maadiresi a anthu aziperekedwa kwa yuniyoni eniake asanafunsidwe.

"Manje imwe ba Kapalamula," ankatero Mayi Tembo, wefuwefu chifukwa miyendo ya anzawo inali yaitali, "munthu mumuika m'chipinda tsiku lonse, mumuuza zanu zekazeka. Ise tipempha chabe thirty minutes. Akachoka apo, uyu ayenda ku galaji, uyu ku kiliniki, sitizamuonanso. Azaziba bwanji kuti ali na banzake? Mutu umodzi susenza denga."

"Zoona, mayi," ankayankha a Kapalamula mosafulumira. "Koma osenza denga timachita kuwapempha. Sitiwatsekera m'nyumba kuti asenze."

"Ndani wakamba zotsekela munthu?"

"Lamulo likati ayenera, chitseko chatsekeka kale."

"Nanga yanu ija ya tsiku lonse, si ayenera?"

Apa a Kapalamula ankangoyenda manja kumbuyo mpaka pamasitepe oyenda okha, omwe nthawi imeneyo amakhala asanayatsidwe, n'kuima pamenepo kuwayang'ana. Ine ndinkaganiza kuti agonja. Sindinkadziwa kuti funsolo lawakhudza pabala lakale.

Ulendo womaliza kukhala nawo awiriwiri unali miyezi iwiri asanamwalire, pochokera kwa dokotala wa mtima. Anali atapuma pantchito zaka zingapo, thupi litatha, jekete ija ikulendewera pamapewa. Anandipempha kuti ndisadzere msewu waukulu, ndidzere wa m'mitengo, ndiziyendetsa pang'onopang'ono. Dzuwa linkalowa ndi kutuluka pankhope pawo. Patapita nthawi anandiuza kuti analota ali kwawo, akukwera phiri atasenza dengu pamutu ngati mayi. Denguli linali lodzaza koma losalemera, ndipo kutsogolo kwawo kunali munthu woyenda yemwe sankatha kumupeza ngakhale afulumire bwanji.

"Munamuitana, Ankolo?" ndinafunsa.

"Ndinaitana. Anayankha, koma sindinamve kuti akuti chiyani." Anamwetulira. "Kuyankha kokhako n'kwambiri, mwanawe."

Sindinafunse kuti munthuyo ndani, chifukwa ndinali ndikudziwa. Tonse tinadziwira ku Annapolis.

Zinayamba chonchi. Bwana wa dipatimenti yawo anali mayi wina waulemu ndithu, wokonda ntchito yake. Tsiku lina pa chakudya chamasana a Kapalamula anatchula kuti kwawo, nthawi ya chipani chimodzi, munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi ya chipani. Bwanayo anaisunga nkhaniyo. Makaunti atayamba kusonkhanitsa anthu oti akakane biluyo pamaso pa komiti ya aphungu, anawaitana muofesi. Anati palibe wina wodziwa oriyenteshoni kuposa iwo, ndipo palibe wina angafotokoze kuipa kwa kukakamiza kuposa munthu amene anakuona ndi maso. Analembera limodzi pepala. A Kapalamula anavomera.

Mayi Tembo atamva anaima pakati pa molo n'kugwira m'chiuno. "Muzayenda kukatikana? Imwe?"

"Ndikupita kukanena zimene ndikudziwa."

"Nizankhala kumeneko. Nizakuyang'anani m'maso."

Ine ndi amene ndinawatenga pagalimoto. Kunali kumapeto kwa nyengo yachisanu ya kuno, sinowo yakale itada m'mphepete mwa msewu, kumwamba kuli kotuwa ngati phulusa. Njira yonse pepala linali pamiyendo pawo, akulisalaza ndi chikhatho ngati akusita.

M'chipinda cha komiti munali modzaza. Mbali iyi a makaunti ndi masuti awo, mbali iyo a yuniyoni atavala masikipa a mtundu umodzi, Mayi Tembo ali kutsogolo kwenikweni. Aliyense ankapatsidwa mphindi ziwiri. Patebulo panali tinyali titatu: kobiriwira kuti lankhula, kachikasu kuti malizitsa, kofiira kuti khala pansi. Dzina lawo litaitanidwa, molakwika, anaimirira n'kulikonza mwaulemu. Kenako anawerenga zifukwa za makaunti chimodzichimodzi, momveka bwino, n'kunena kuti zonsezo n'zoona chifukwa ntchitoyo amaigwira ndi manja awo. Bwana wawo ankagwedezera mutu.

Atafika pandime ya makadi anaima. Kanyali kachikasu kanayaka. Anapinda pepala kawiri n'kuliika m'thumba. Zimene ananena ananena m'Chingerezi, koma ine ndimazikumbukira m'chilankhulo chathu, ngati kuti ndimo anazinenera.

"Papepalali talemba kuti ndikudziwa kuwawa kwa kukakamizidwa. Ndinalola kuti tilembe choncho chifukwa cha manyazi. Ine sindinali wokakamizidwa. Ndinali wokakamizayo."

Anafotokoza kuti atasiya sukulu ali mnyamata anavala malaya ofiira a achinyamata a chipani, ndipo tsiku la msika ankaima pachipata kufunsa makadi. M'mawa wina wa nkhungu panafika mayi wachikulire atasenza dengu la mbatata ya kachewere. Anali atayenda kuchokera kumapiri kusanache. Khadi analibe. A Kapalamula anatambasula dzanja n'kumuuza kuti salowa. Mayiyo anatula dengu, n'kuwayandikira kuti awaone bwino, ndipo anati, "Kodi si iwe mwana wa Nangozo? Ndine Namaseko. Tsiku lobadwa iwe ndinakusambitsa ndine."

Kanyali kofiira kanayaka. Mayi amene anali wapampando anakweza dzanja pang'ono kuti wosunga nthawi asalankhule.

"Mkulu wa gulu lathu anali ataima pambali akundiyang'ana," anapitiriza a Kapalamula. "Ndiye ndinabwereza kuti popanda khadi salowa. Mayiwo sanatukwane. Anandipempha kuti ndiwasenze. Ndinawasenza dengulo ndi manja angawa, anatembenuka, n'kulowa mu nkhungu. Sanadzapondenso pakhomo pa amayi anga mpaka imfa.

"Palibe anandiuza kuti ndikhale wankhanza. Anangondipatsa chipata n'kundiuza kuti aliyense ayenera. Kuno ndaimanso pachipata zaka makumi awiri, cha kaunti, ndipo a yuniyoni akunena zoona kuti m'chipinda muja mumamveka mawu athu okha. Apatseni theka la olalo. Koma mulembe m'lamulomo kuti wofuna kutuluka atuluke, popanda wolemba dzina lake. Chipata chilichonse chimapeza mnyamata wake woimapo. Cha yuniyoni chidzamupeza, cha kauntinso chinamupeza kale."

Anathokoza, n'kukhala pansi. Palibe anaomba m'manja. Mbali zonse ziwiri aliyense ankangoyesa kudziwa ngati wapindula kapena wataya.

Panja pa chipindacho bwana wawo anawadutsa ngati sakuwaona. Mayi Tembo ndiye anaima kutsogolo kwawo, maso ali gwa.

"Mwatifanizira na zigawenga za chipani? Ise? Ine nikauka four koloko kuyenda kuimilila munthu wamene bafuna kumuchosa nchito, nili pachipata ine?"

"Sindinatero, mayi."

"Mwatero. Na ulemu wanu wonse uja, mwatero." Ananyamula chikwama chawo n'kumapita.

Pobwerera kunayamba kuwaza kamvula kosakanikirana ndi sinowo. Tisanapite patali a Kapalamula anagona, mutu atatsamira pagalasi, kukamwa kuli yasa. Ndinali ndisanawaonepo ali choncho, opanda chowagwira. Ndinatsitsa liwiro kuti asadzuke, ndipo magalimoto ankatidutsa mbali zonse ngati madzi odutsa mwala.

Sabata yotsatira anawachotsa pa oriyenteshoni. Sanawathamangitse ntchito, anangowatsitsira kuchipinda chapansi pa nyumba, kumafayilo akale, kopanda windo. Ine nditakwiya anandiletsa. Anati bwanayo sanalakwe, munthu amene wamutuma kukagula mchere akabwera ndi shuga, ngakhale shugayo akome, sumutumanso.

Kutchalitchi n'kumene kunawawa. Kanema wa msonkhano uja anazungulira m'mafoni mwathu, ndipo pofika Lamulungu aliyense anali atamuona. Mumpingo mwathu muli a Jere, bambo wofatsa wogwira ntchito kubanki ina yaikulu ku Washington. Bambo awo anamenyedwa ndi anyamata a malaya ofiira padepoti ya basi, khutu lina n'kugontheratu. Itakwana nthawi yopatsana moni wa mtendere, a Kapalamula anawatambasulira dzanja. A Jere anapinda manja awo pachifuwa.

"Zaka zonsezi mwakhala mukutipempherera, Madala," anatero motsitsa mawu, "mukudziwa kuti ndinu ndani, ife osadziwa."

"N'zoona, achimwene."

"Mukanayamba mwatiuza ife. Osati azungu a ku Annapolis."

A Kapalamula anaweramitsa mutu. Lamulungu lotsatira anaimirira pa zolengeza n'kutula pansi udindo wa ukulu wa mpingo. Ananena kuti mawu a a Jere ndi olondola, ndipo anapepesa kwa aliyense amene wachibale wake anabwezedwapo pachipata chilichonse. Ena analira. Ena anati akulu afukula zokwiririka popanda chifukwa. Kuyambira tsikulo ankakhala pabenchi yachitatu kuchokera kumbuyo. A Jere sanawagwirenso chanza mpaka mapeto, ndipo a Kapalamula sanawadandaule ngakhale kamodzi. Ankati chikhululuko si khadi yoti munthu umuumirize kutulutsa.

Miyezi imeneyo Loweruka ankayenda okha m'molo. Ndinawaonapo ndili patali, munthu wamtali yekhayekha pakati pa masitolo otseka, akuima pena ndi pena ngati akudikira kuti wina amupeze.

Biluyo inadutsa itasinthidwa mwina ndi mwina. Mwa zosinthazo munali zoti wantchito amene sakufuna kukhala nawo pa theka la ola lija asakakamizidwe. Ngati zinali chifukwa cha mawu awo sindikudziwa, ndipo iwo sanadzitamepo. Makaunti anang'ung'udzabe, koma lamulo linali litakhala lamulo. Amene anaikidwa m'malo mwawo anapeza ntchito ina patangopita miyezi inayi, ndipo tsiku lina bwana uja anatsikira yekha kumafayilo. Anawapempha kuti abwerere, chifukwa tsopano pankafunika munthu wodziwa kukonza tsikulo ndi alendo atsopano m'kati mwake. Anaonjeza kuti a yuniyoni awaike kumapeto, hafu pasiti folo, anthu atatopa ndipo maso ali kuchitseko.

A Kapalamula anawaika teni koloko m'mawa, anthu atangomwa khofi. Bwanayo atafunsa, anayankha kuti mlendo ukamulandira mokakamizika sumupatsanso mpando wothyoka, chifukwa manyazi amakhala ako kawiri.

Tsiku loyamba ine ndinali komweko, nditabwera kudzafotokoza za katemera. Itakwana teni koloko chitseko chinatseguka, n'kulowa Mayi Tembo ndi bokosi la timapepala. Anali asanalankhulane kuyambira ku Annapolis. A Kapalamula anauza anthu kuti awa ndi Mayi Tembo a yuniyoni, kuti amawadziwa zaka zambiri, ndipo kuti ndi munthu woona amene sanasiyepo mnzake m'mavuto. Kenako anati ndi bwino kuwamvera, koma amene sakufuna akhoza kukakhala panja, palibe adzamufunsa. Atatero anatenga mpando n'kuchirikiza chitseko kuti chisatsekeke, n'kutuluka monga lamulo linkanenera.

Mayi Tembo anasuzumira panja n'kulankhula m'chathu, anthu onse akudabwa. "Ba Kapalamula, chosani mpando uyu. Kuli chongo mu kolido."

"Kwezani mawu, mayi. Muli nawo."

Mayi Tembo anawayang'ana kanthawi, ndipo ndinaona milomo yawo ikulimbana ndi kuseka. Anakweza mawu. Analankhula za dalaivala amene anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa ngozi yomwe sanalakwe, za namwino amene ankagwira masiku opuma osadziwa kuti ali ndi ufulu wokana. Ali mkati, bambo wina wovala nsapato zachitsulo anaimirira n'kutuluka. Mayi Tembo anamutsatira ndi maso mpaka pakhomo. Ndinaona kuti akufuna kumuitana. Koma anangopitiriza. Panja paja bamboyo anapeza a Kapalamula ataima pawindo la m'kolido atamupatsa msana, ndipo sanatembenuke kuti aone nkhope yake.

Loweruka lakelo a Kapalamula anawapeza Mayi Tembo atafika kale pakhomo la molo, atavala nsapato zoyendera.

"Mwachedwa," anatero. "Uja mwamuna wamene anachoka, azabwela. Muzaona."

"Akabwera adzakhala wanu weniweni."

"Akapanda kubwela ni mulandu wanu."

Bamboyo sanalowe yuniyoni, ndipo mpaka lero akukonza misewu ya kaunti. Aliyense wa awiriwa ankamutchula ngati umboni woti iye ndiye ankanena zoona, ndipo anakangana za iyeyo zaka zonse zotsalazo, osadziwa n'komwe ngati ali pabanja kapena kwawo n'kuti.

Mwambo wa maliro tinachitira kutchalitchi Loweruka lapitalo, thupi lisananyamuke kupita ku Lizulu monga iwo anafunira. Kunabwera anthu amene sitinawaonepo, a mitundu yosiyanasiyana, ena atavala yunifolomu za mabasi. Ambiri ankanena chinthu chimodzi, kuti mdalayu ndiye anali woyamba kuno kutchula dzina lawo molondola. Bwana uja, yemwenso anapuma pantchito, anakhala pakati pa a yuniyoni chifukwa malo ena anali atatha. A Jere anafika mochedwa n'kuima kumbuyo. Sanalankhule ndi munthu, koma anthu atabalalika ndinawapeza akupinda mipando okha mpaka womaliza.

Dzulo ine ndi Mayi Tembo tinapita kukasesa kunyumba kwa a Kapalamula tisanabweze makiyi. Ndi tizipinda tiwiri pansanjika yachitatu, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Mwana wawo anali atatenga zofunika, zina n'kugawa. Munalibe kanthu. Mawu athu ankabwerera kuchokera m'makoma ngati tili m'chitsime. Pakhoma panatsala malo owala pamene panali chithunzi cha akazi awo, ndi msomali wake. Pawindo panali mphete ya dothi louma pamene pankakhala chitini cha duwa. Mukhitchini wina anaiwala supuni imodzi m'sinki. Chotenthetsera nyumba chinkangolira chokha, thi, thi, kutenthetsa chipinda chopanda munthu.

Pakapeti, moyang'ana kuwindo, panali timaenje tinayi pamene panaponda miyendo ya mpando wawo, ndipo patsogolo pake ubweya unali utaperepeseka pamene pankakhala mapazi. Ndinadutsitsa makina osesera kangapo, koma timaenjeto sitinadzuke.

"Siya, Tiya," anatero Mayi Tembo.

Ndinazimitsa makinawo. Iwo anatsamira tsache kukhoma, n'kukhala pansi pakapeti mwapang'onopang'ono, maondo akulira, moyang'anizana ndi timaenje tija. Dzuwa la masana linali litagona pakati pawo ndi malowo, fumbi likuyandama m'menemo osafulumira. Anakhala choncho nthawi yaitali, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera.

"Za chitseko chija sininavomele, ba Kapalamula," anatero pamapeto pake, mawu aja odzaza basi atachepa ngati a mwana. "Osaganiza kuti ninavomela."

Anadikira. Kunja sitima inadutsa, galasi la windo n'kunjenjemera pang'ono, kenako m'nyumbamo munabwereranso zii.